Womata Zikwangwani

Usiku, magalimoto a pa M1 akachepa,
timakwera makwerero, ine ndi Sibusiso,
kukapachika mkazi womwetulira.
Amabwera atakulungidwa ngati mkeka,
timamutambasula pang'onopang'ono:
chibwano, kenaka milomo,
dzino lake limodzi lalitali ngati chitseko cha kwathu.
Ukamuyandikira si munthu ayi,
ndi timadontho tofiira ndi tobiriwira
tounjikana ngati nsabwe za pa mpiru.
Koma kukacha, inu odutsa pansinu,
mumamukhulupirira.

Joni salankhula, amakuwa.
Mlatho ukukuwa, khoma likukuwa,
minibasi ya ku Noord yavala sopo
kuyambira kumphuno mpaka kumchira.
Nyumba ya Ponte yavala chipewa cha moto
chimene sichidziwa tulo,
chimalowera pa zenera langa ku Berea
kudzandipaka nkhope utoto ndili m'bulangete.
Mwezi weniweni ndinausiya pachipata cha ku Mwanza.
Wa kuno ukatuluka umachita manyazi,
poti ulibe nambala ya foni pansi pake.

Pa mapolo a magetsi a mu Bree
timapepala ta osauka tikukwerana pamsana:
wobweza mwamuna wothawa,
ngongole yopanda mafunso,
wokulitsa zimene Mulungu anachepetsa,
sing'anga woopsa wochokera ku Malawi.
Ameneyo ndimamudziwa, ndi Gelesomu,
ankagulitsa makala ku Lunzu.
Tikakumana sitifunsana za ntchito.

Tsiku lina tinamata nyumba
pa mpanda wa malata ku Rosebank:
kapinga wometedwa bwino, dziwe losambira,
galu woyera wosadziwa njala.
Ndinavula ovolosi, ndinapukuta guluu m'zala,
Sibusiso anandijambula nditagwira chiuno.
Ndinatumiza kwa mlongo wanga Esinati ku Bilira.
Sindiname, anthuni.
Sindinalembepo mawu ngakhale amodzi.
Chithunzi chinayenda chokha,
kuchigayo, kumjigo, kuseri kwa tchalitchi,
kudumpha foni ndi foni ngati utitiri.

Chimanga chisanaume, Lekeleni, mwana wa Esinati,
anagulitsa njinga ndi mbuzi ziwiri.
Ndinamupeza ku Park Station
atakumbatira jumbo pachifuwa,
khosi litapindikira kumwamba,
akuwerenga mzinda ngati mayeso.
Malume, anatero, nyumba ija ili kutali?

Ndinapita naye.
Anthu ena anali atamatapo kale botolo la mowa
lotuluka thukuta lozizira.
Ndinati, ili pansi pa botololi, mwana wanga,
kanda ndi chikhadabo.
Anakanda. Kapinga anatuluka pang'ono,
pansi pa kapinga panali inshuwalansi ya maliro,
pansi pa maliro, dzimbiri.
Sanalire. Anafunsa mtengo wa buledi.

Lero amaima pa maloboti a ku Jeppe
atavala bolodi kutsogolo ndi kumbuyo
lolembedwa m'chizungu kuti TIMAGULA GOLIDE.
Dzuwa limamuwotcha m'khosi,
anthu amawerenga chifuwa chake
osafika pa maso.
Marandi ake a tsiku amathera mchere ndi palafini.

Ine ndidakakwerabe.
Kumwambako mphepo ya Juni imaluma zala,
ndipo kuseri kwa chikwangwani chilichonse
kuli zitsulo, zitosi za nkhunda,
ndi mdima wabwino, wosagulitsa kanthu.
Ndimakhalako mphindi ziwiri kupumitsa maso
mpaka Sibusiso agwedeze chingwe.

Lamulungu lapitali Lekeleni wasamba,
wabwereka jekete langa la chikopa.
Amayi akufunsa chithunzi, akutero.
Tayenda msewu wonse wa Oxford
iye patsogolo, ine pambuyo ndi foni,
kusankha khoma.
Waima patsogolo pa galimoto yofiira ya pepala,
wagwira chitseko chimene sichitseguka.
Malume, mudule m'munsimo,
manambala asaoneke.

Ndabwerera m'mbuyo mapazi atatu.
Ndadula.
Wamwetulira, mano onse pamtetete,
ndipo ndikukuuzani ine womata nkhope:
ku Bilira amukhulupirira.